Walira ufulu walira udindo: a existentialism ankati chani kwenikweni?

Pa 29 Okutobala 1945 mu Paris anthu anadzazana mu holo ina mpaka mipando kuthyoka, ena kukomoka ndi kutentha, ndipo sikuti kunabwera woimba ayi, chikhamu chonsecho chinabwera kudzamvera kabambo kakafupi ka magalasi, Jean-Paul Sartre, kakuyankhula za filosofi. Zikumveka ngati nthabwala koma taganizani nthawi yake. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse inali itangotha kumene, Paris inali itakhala m'manja mwa asilikali a Hitler kuchokera 1940 mpaka 1944, nde aliyense mu holomo anali ndi kafunso komwe kankamudya mumtima, koti zaka zinayi zija ine ndinatani. Ena analimbana ndi adaniwo mobisa, ena anawagwirira ntchito mpaka kupereka anzawo, ambiri anangoweramitsa mutu kudikira kuti zidutse. Kwa anthu ngati amenewo nkhani ya ufulu ndi udindo sinali ya m'kalasi.

Tsiku limenelo Sartre anasimba za mnyamata wina yemwe ankamuphunzitsa, amene anabwera kwa iye nkhondo ili mkati kudzapempha nzeru. Mkulu wake anali ataphedwa mu 1940 pomwe Ajeremani ankalowa mu France, bambo ake sankamvana ndi mayi ake komanso ankapendekera kwa adani, nde mayiwo anangotsala ndi iyeyo basi ngati chowatonthoza. Mnyamatayo mtima unkafuna kuthawira ku England kukalowa gulu la asilikali a France omwe anakana kugonja, akabwezere imfa ya mkulu wake. Koma akapita mayi atsala ndi ndani? Komanso ulendowo unalibe chitsimikizo, atha kukagwidwa ku Spain nkukhala mu kampu mpaka nkhondo kutha, kapena kukafika bwinobwino nkungopatsidwa tebulo kuti azilemba mafomu mu ofesi, pamene kukhala ndi mayi phindu lake linali looneka tsiku ndi tsiku olo linali la munthu mmodzi yekha.

Nde apange chani? Chikhristu chimati konda mnzako, chabwino, koma mnzako wake uti, mayi kapena anzako ali kunkhondo? Filosofi ya Immanuel Kant imati munthu usamusandutse chipangizo chongokufikitsa pomwe ukufuna, koma apa kulikonse angalowere pali wina amene akumupondera. Akati atsatire mtima, Sartre akuti mtimawo sungauyeze usanachite kanthu, umadziwa kuti mayi umawakonda kuposa dziko pokhapokha utatsaladi nawo. Olo kupita kwa wolangiza sikukupulumutsa, chifukwa posankha woti akulangize umakhala ukudziwa kale komwe amapendekera, wansembe wogwirizana ndi adani ayankha zina, wansembe wolimbana nawo ayankha zina, ndipo wasankha khomo logogoda ndiwe. Yankho lomwe mnyamatayo analandira linali lalifupi mokwiyitsa: ndiwe mfulu, sankha, njirayo uipange wekha.

Ndikanakhala ine ndikanatuluka ndikung'ung'udza kuti ndangotaya nthawi. Koma mu kayankho kameneko ndi momwe mwagona mutu wonse wa chomwe amachitcha existentialism, dzina lochokera ku liwu lotanthauza kukhalapo. Mfundo yake Sartre anaifotokoza ndi mpeni wodulira mapepala. Mpeni usanapangidwe mmisiri amakhala akudziwa kale kuti ndi wa ntchito yanji, pulani imayamba, chinthucho chimabwera pambuyo. Kwa zaka mazanamazana anthu ku Europe ankaona Mulungu ngati mmisiri ameneyo ndipo munthu ngati mpeniwo, wobadwa ndi ntchito yake yolembedwa kale. Sartre sankakhulupirira Mulungu, nde anati ngati mmisiri kulibe ndiye pulaninso kulibe, munthu amayamba wapezeka kaye padziko kenako nkumadzipanga kukhala chomwe ali kudzera mu zochita zake. Palibe wobadwa wamantha kapena ngwazi, wamantha amadzipanga wamantha pothawa lero, kuthawa mawa, kuthawanso mkucha, ndipo tsiku lililonse khomo loti asiye kuthawa limakhala lotsegula.

Apa ambiri amaombera m'manja msanga, eti ufulu, chita chomwe ukufuna, moyo ndi wako. Mkuluyo sanaziike mokoma choncho. Mawu ake otchuka ndi oti munthu anagamulidwa kukhala mfulu, kugamulidwa kwa kukhothi kuja, chilango. Chifukwa sunapemphe kubadwa, sunasankhe makolo, thupi, dziko kapena chaka, unangopezeka waponyedwamo, koma chiponyedwereni chilichonse chomwe ukuchita chili pamutu pako ndipo palibe komwe ungakatule. Ukati sindisankha, wasankha kusasankha. Mawu oti kuponyedwa m'dziko ndi a Martin Heidegger wa ku Germany mu buku lake la 1927, lomwe Sartre anatengamo zambiri. Heidegger yemweyo analowa chipani cha Nazi cha Hitler mu 1933 ndipo mpaka kumwalira mu 1976 sanapepese poyera momveka, zomwe zimangoonetsa kuti kulemba za udindo ndi kuusenza ndi ntchito ziwiri zosiyana.

Komatu musaganize kuti filosofi imeneyi ndi ya okana Mulungu okhaokha. Amene ambiri amamutenga ngati gwero lake, Søren Kierkegaard wa ku Copenhagen, anali Mkhristu wa moto, anabadwa 1813 nkumwalira 1855 ali ndi zaka 42 zokha akukangana ndi mpingo wa boma la Denmark kuti wasandutsa chikhulupiriro kukhala chizolowezi chongobadwiramo. Kwa iyeyo olo kukhulupirira nakonso ndi chisankho choti palibe angakupangire, umalumpha wekha popanda umboni wokwanira. Mu 1844 analemba kuti nkhawa ndi chizungulire cha ufulu, ngati chija chimamugwira munthu akasuzumira kuphompho. Sartre mu chibuku chake cha 1943, L'Être et le Néant, cha masamba oposa 700, anazitambasula bwino. Ukamayenda m'mphepete mwa phompho nkumaopa kuti mwala uterereka, amenewo ndi mantha wamba, ali ndi chinthu chakunja chomwe ukuchiopa ndipo utha kuponda mosamala. Koma pali kanthu kena kamabwera pambuyo pake, kuzindikira kuti palibe chomwe chikukuletsa kudziponya wekha kupatula iwe mwini. Imeneyo nde nkhawa yomwe akunena. Chitsanzo china chomwe ine ndimachikonda kuposa cha phomphocho ndi cha munthu wa juga amene dzulo analumbira ndi mtima wonse kuti sadzatchovanso, lero wafika pafupi ndi tebulo la juga nkupeza kuti lumbiro la dzulo lija lilibe manja oti limugwire, likungokhala ngati chikumbutso, akuyenera kulumbiranso pompano kuyambira pa ziro. Aliyense amene anayesapo kusiya fodya, mowa kapena munthu woti sakumuyenera akudziwa zimenezi osawerenga buku.

Nde poti chizungulirecho nchosasangalatsa, timachithawa. Kuthawako Sartre anakutcha mauvaise foi mu Chifalansa, tingoti kudzinamiza. Ndi bodza lachilendo chifukwa wonamiza ndi wonamizidwa ndi munthu mmodzi, ndipo pansi pamtima choonadi akuchidziwa. Ine ndi mmene ndinabadwira. Ndikanatani nanga, analamula ndi abwana. Aliyense amapanga zomwezo. Mawu onsewa ntchito yake ndi imodzi, kudzisandutsa mpeni uja kuti pasakhale wokufunsa. Chitsanzo chake chotchuka ndi cha woperekera zakumwa mu lesitilanti amene kayendedwe kake, kaweramidwe kake, kanyamulidwe ka thireyi, zonse nzonyanyira ngati akuchita sewero loti iye ndi woperekera zakumwa basi palibenso china. Kunena zoona apa ndimaona kuti Sartre anamulakwira munthuyo, iye wakhala phee pampando ndi khofi wake akulemba buku, mnzake akuthamanga kuti asachotsedwe ntchito, nde wodzinamiza akhale wothamangayo? Koma mfundoyo payokha ndi yolimba, ndipo ili ndi mbali yachiwiri yomwe anthu amaiwala. Kudzinamiza kwina ndi kukana zomwe zilipodi, munthu woti wanamiza anthu kambirimbiri nkumati ine si wabodza, mtima wanga ndi wabwino, zomwe ndinachitazo si ine weniweni. Kwa Sartre iwe weniweni wobisika mkati kulibe, zomwe unachitazo ndi iweyo mpaka utayamba kuchita zina.

Pa udindo mkuluyu anapita patali kwambiri, mwina mopyola. Anati ukasankha sumangodzisankhira wekha, umakhala ngati ukujambula chithunzi cha mmene munthu aliyense akuyenera kukhalira, mpaka anapereka chitsanzo choti ndikakwatira ndiye kuti ndikuvotera ukwati wa mkazi mmodzi m'malo mwa anthu onse. Pamenepa ine sindigwirizana naye, munthu atha kusankha kukwatira osaganiza kuti wosakwatira walakwa, ndipo ambiri owerenga filosofi amati apa anangobwereka mfundo ya Kant, yemwe iye mwini ankamutsutsa. Chomwe chili ndi mphamvu ndi zomwe analemba mu 1944 Paris itangomasulidwa, zoti anthu a ku France sanakhalepo mfulu kuposa nthawi yomwe anali pansi pa Ajeremani. Zomveka ngati chipongwe eti? Ankatanthauza kuti nthawi imeneyo liwu lililonse, olo kukhala chete kumene, kunali ndi mtengo wake, aliyense wodziwa kanthu za olimbana ndi adani ankadzifunsa kuti atandigwira nkundizunza ndipirira kapena ndiwulula, nde panalibe mpata wonamizira kuti zochita zako zilibe ntchito. Nthawi ya mtendere ufulu womwewo umakhalapo koma umabisala mu chizolowezi.

Tsono apa nde pamene ine ndimaona kuti nkhaniyi inakonzedwa ndi munthu wina, Simone de Beauvoir, amene kwa zaka zambiri anthu ankangomutchula ngati mnzake wa Sartre pamene anali katswiri payekha, mu 1929 anakhoza mayeso apamwamba a filosofi ku France ali ndi zaka 21, Sartre nambala wani iye nambala thu, chonsecho Sartre anali akulemba kachiwiri atalephera chaka cham'mbuyo. Mayiyu anasimba yekha kuti mu 1940 ankakangana ndi Sartre pomufunsa kuti mkazi wotsekeredwa mu nyumba ya akazi a mfumu, woti sangatuluke moyo wake wonse, ufulu wake uli pati? Sartre ankati olo mmenemo pali njira zingapo zokhalira ndipo mkaziyo amasankha. Beauvoir anaona kuti yankho limenelo ndi loona koma lopanda mchere, chifukwa kusankha mmene ungalilire mu ndende si chimodzimodzi ndi kukhala ndi khomo lotulukira. Mu 1947 analemba kuti kufuna kukhala mfulu ndi kufunanso kuti ena akhale mfulu, poti zolinga zako zimafuna anthu ena oti azilandire, azipitirize kapena azitsutse, ufulu wa munthu yekhayekha umangothera m'malere. Kenako mu 1949 anatulutsa buku la Le Deuxième Sexe, momwe muli mawu aja oti munthu sabadwa mkazi, amachita kusandutsidwa mkazi, kutanthauza kuti zambiri zomwe zimatchedwa chibadwa cha akazi zimaphunzitsidwa kuyambira ali akhanda mpaka mwini wake nkuyamba kuziona ngati ndi mmene zinalengedwera.

Frantz Fanon, munthu wakuda wa ku Martinique, chilumba cholamulidwa ndi France, anabweretsa mbali ina. Iyeyu anachitadi zomwe mnyamata uja ankalakalaka, anachoka kwawo ali wachichepere kukamenyera France nkhondo, anavulala nkulandira mendulo, koma mu gulu lankhondo lomwelo anakumana ndi tsankho. Mu buku lake la 1952 anasimba za kamwana ka mzungu komwe kanamuloza nkuuza mayi ake kuti taonani munthu wakuda, ndikuopa. Apa munthu sanayambe nkomwe kudzipanga yekha, wafika anzake atamulembera kale pulani pongoona khungu. Ndipo Sartre mwini anafewa. Pocheza ndi magazini ina mu 1969 anati atawerenganso zomwe analemba kale, zoti zivute zitani munthu nthawi zonse ali ndi ufulu wosankha kupereka anzake kapena ayi, anadabwa kuti zoona ankakhulupirira zimenezo. Pofika nthawi imeneyo ufulu ankaufotokoza ngati kampata kakang'ono komwe kamachititsa kuti munthu asabweze ndendende zonse zomwe dziko linamuthiramo. Kampata kakang'ono, koma kalipo, ndipo udindo umakhala mmenemo.

Nanga chimwemwe? Ngati mukufuna filosofi yolonjeza mtendere wa mumtima apa mwasochera, anthuwa chimwemwe ankachikayikira. Beauvoir koyambirira kwa buku la 1949 lija anachenjeza kuti nkosavuta kunena kuti munthu ndi wosangalala ndi moyo womwe iweyo ukufuna kumukakamiza, akuti taonani akazi apakhomo ndi osangalala, nde musawasokoneze. Chifukwa chake iye anati ayeza moyo wa munthu ndi ufulu osati chisangalalo. Ndipo tikanena chilungamo kudzinamiza kuja nkokoma, munthu amene wapereka chiwongolero kwa wina amagona tulo tabwino. Funso lawo linali loti tulo timeneto mtengo wake ndi chani.

Koma sikuti anangotaya chimwemwe. Mu kabuku ka 1944 Beauvoir anatenga nkhani yakale ya mfumu Pyrrhus yomwe inkakonzeka kukagonjetsa mayiko, mlangizi wake Cineas nkumangofunsa kuti kenako? Tikagonjetsa dziko ili tipita lina. Kenako? Linanso. Kenako? Kenako ndidzapuma. Cineas nkuti bwanji osangopuma pompano? Ambiri amaona kuti wanzeru ndi Cineas koma Beauvoir anaima ndi Pyrrhus, osati pa zogonjetsa mayikozo, koma pa mfundo yoti munthu sanapangidwe kuti akhale phee ngati dziwe, olo akusangalala ndi mthunzi chisangalalocho chimakoma chifukwa pali ulendo womwe wachokera ndi womwe akupita. Chimwemwe choti wafika basi palibenso chotsatira, patapita sabata chimasanduka kunyong'onyeka.

Albert Camus, wobadwira ku Algeria mu 1913, ankakana kutchedwa wa existentialism ndipo mu 1952 anayambana ndi Sartre poyera pa nkhani ya chikomyunizimu mpaka ubwenzi kutha, komabe pa chimwemwe aliyense amathamangira kwa iye. Mu 1942 anatenga nthano ya Agiriki ya Sisyphus, yemwe milungu inamulanga kuti azikankha chimwala kukwera nacho phiri, chikafika pamwamba chimagubuduka kubwerera pansi, iye nkutsika kukayambiranso, mpaka kalekale. Camus anati moyo wathu ndi umenewo, mtima ukufuna tanthauzo pamene dziko lili duu osayankha. Chomwe chinamukopa ndi nthawi ija Sisyphus akutsika phiri manja ali lende, akudziwa bwinobwino kuti ntchitoyi sidzatha, sakudzinamiza kuti ulendo uno chikhazikika, koma akupitabe, ndipo mwalawo tsopano ndi wake. Nde anamaliza ndi mawu oti tiyenera kumuganizira Sisyphus ali wosangalala. Ine mawu oti tiyenera amenewo amandikayikitsa, akumveka ngati munthu akudzilimbitsa mtima, komanso ndi mawu oti bwana wankhanza atha kuwakonda kwambiri. Koma Camus sankanena za kugonjera, ankati ndi kuukira, kukana kupatsa milungu chomwe inkafuna, chomwe ndi kumuona munthuyo atasweka. Iye mwini anafa pa ngozi ya galimoto pa 4 Januwale 1960 ali ndi zaka 46, tikiti ya sitima yomwe sanakwere ili m'thumba.

Amene anaziyesa pamoto weniweni ndi Viktor Frankl, dokotala wa matenda a maganizo wa ku Vienna, Myuda amene anatsekeredwa m'makampu a Nazi kuyambira 1942 mpaka 1945 kuphatikizapo Auschwitz, ndipo mkazi wake, makolo ake ndi mchimwene wake anafera m'makampu a Nazi momwemo. Mu buku lake la 1946 anasimba za akaidi ochepa omwe ankayenda kutonthoza anzawo nkupereka kachidutswa kawo komaliza ka buledi, nkuti amenewo ndi umboni woti munthu utha kumulanda zonse kupatula ufulu wosankha mmene aimire pamaso pa zomwe zamugwera. Pa chimwemwe iye ankati sichithamangitsidwa, chimabwera chokha pambuyo ngati munthu wadzipereka ku ntchito kapena kwa munthu wina yemwe amamukonda, ukachilunjika chimathawa ngati tulo, ukamalimbana nato kuti tibwere nde pamene maso amauma gwaa. Kusiyana kwake ndi Sartre nkoti Frankl ankati tanthauzo umachita kulipeza, lilipo kale likukudikira, pamene Sartre ankati umachita kulipanga. Masiku ano mawu a Frankl amaikidwa pa zithunzi zokongola pa intaneti ngati kuti opulumuka anapulumuka chifukwa choganiza bwino, chonsecho iye mwini analemba kuti abwino kwambiri mwa iwo sanabwerere.

Nde mukaziika pamodzi chimwemwe chomwe chatsala ndi chochepa koma cholimba, chija munthu amakhala nacho akaleka kuwerenga anthu omwe anamulakwira ngati chifukwa chokhalira pansi, nkumati izi sindinasankhe, izi ndinasankha, ndipo pa zomwe zatsala ndichita chakuti. Friedrich Nietzsche mu 1882 anapereka kamayeso kake, akuti chiwanda chitakuuza usiku wina kuti moyo wakowu udzaubwereza ndendende kosatha, chisoni chilichonse, manyazi alionse, ungagwe pansi kukukuta mano kapena ungati bwera nazo? Ambirife mwina tingapemphe kuti tichotseko zaka zingapo.

Mnyamata uja nkhani yake sinathere mu holo muja. Zomwe Sartre anayankhula zinasindikizidwa mu 1946, ndipo kumapeto kwa kabukuko kuli zokambirana momwe Pierre Naville, wotsatira Marx, anamupanikiza kuti munthu wabwera kudzafuna thandizo iwe nkumuuza kuti sankha, bwanji osaona zomwe angakwanitse nkumuuza chochita? Sartre anayankha kuti malangizo akanatha kupereka, koma poti mnyamatayo ankafuna ufulu anamusiya agamule yekha. Kenako anawonjezera kuti iye ankadziwa kale zomwe mnyamatayo achite, ndipo ndi zomwe anachitadi. Kabukuko kanathera pomwepo, osanena ngati anapita ku England kapena anatsala ndi mayi ake.